Malemu ndiwo ankasaina mapulani, tsopano tichite bwanji?

Wojambula mapulani, Randburg:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa ofesi yathu ikwanitsa zaka 15. Inayambira m'galaja, tikujambula zipinda zoonjezera kuseri kwa nyumba, lero tajambulapo masukulu ndi mafulati. Koma sabata yatha atisiya bambo athu amene anatiphunzitsa ntchitoyi tonsefe. Thupi tinaliperekeza kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi ku Mwanza. Vuto ndi ili: pali nyumba yosanja imene dzina lawo lili pa Form 1 ndi Form 2 (mafomu osonyeza katswiri amene wasenza udindo wa mapulani) ku khonsolo ya Johannesburg. Kontilakita akufuna kuthira konkire ya silabu Lolemba, ndipo pali zojambula ziwiri zimene malemu anasintha koma sanasaine. Ine ndikadali candidate, kutanthauza kuti sindinalembetsedwe ngati katswiri wodziimira pandekha. Mnzanga wina akuti ndingomata siginecha yawo ya pakompyuta.

Akitekiti, Midrand:
Pepani ndi zovutazi achimwene, Mulungu akutonthozeni. Koma za siginechazo musayerekeze. Chimenecho n'chinyengo, ndipo mudzadetsa dzina la munthu amene sangadziyankhirenso. Pansi pa Act 44 ya 2000, lamulo la South Africa loyendetsa ntchito ya maakitekiti, candidate amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi munthu wolembetsedwa ku SACAP (bungwe lolembetsa maakitekiti) ngati professional. Ndiye inuyo mukufunikanso wokuyang'anirani watsopano, apo ayi miyezi imene mukugwirayi idzakuvutani poiwerengetsa. Za nyumbayo, regulation A19 ya malamulo a zomangamanga ikunena kuti competent person (katswiri wovomerezeka amene wasenza udindo) akalephera kupitiriza, mwini nyumba ndiye asankhe wina. Mwini nyumba, osati ofesi yanu. Watsopanoyo adzaze Form 2 yake, ndipo amasenza udindo wa zimene zinajambulidwa kale, choncho mupatseni nthawi aziwerenge bwinobwino.

Injiniya, Germiston:
Pepani maliro. Lolemba lisakuopseni kwambiri. Silabu ndi gawo la injiniya wolembetsedwa ku ECSA (bungwe la mainjiniya), amene ali ndi Form 2 yakeyake. Akabwera n'kuona zitsulo kuti zili bwino, konkire ikhoza kuthiridwa. Funso langa n'lakuti, kodi zojambula ziwirizo zikukhudza silabuyo? Masitepe, mabowo a mapaipi? Ngati zikukhudza, imitsani. Kuswa konkire youma kumadya ndalama zambiri kuposa kudikira sabata imodzi.

Wojambula mapulani, Randburg:
Chimodzi n'cha masitepe, anawasunthira kumpoto pang'ono.

Injiniya, Germiston:
Basi, muimbireni kontilakita lero lomwe, musadikire mawa.

QS (wowerengera mitengo ya zomangamanga), Sandton:
Mtima wanga uli nanu achimwene. Tsegulaninso kontilakiti ya JBCC (mgwirizano wa mwini nyumba ndi kontilakita) muone amene analembedwa ngati principal agent, woimira mwini nyumba pa ntchitoyi. Kawirikawiri imakhala kampani, ndiye mungodziwitsa onse mwa kalata amene akuimira kampaniyo tsopano. Mukachedwa, payment certificate (chikalata chovomereza malipiro a kontilakita) ya mwezi uno isowa wosaina, kontilakita ayamba kuwerengera chiwongoladzanja, ndipo amene avutike kwenikweni ndi anyamata a pa saiti, ambiri mwa iwo abale athu omwe. A inshulansi ya PI, yoteteza ofesi ikalakwitsa ntchito, auzeninso.

Akitekiti, Midrand:
Musaiwalenso kumapeto. Popanda Form 4 (yotsimikiza kuti ntchito yatha motsata mapulani), kuphatikizapo ya SANS 10400-XA (malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu monga magetsi) ngati inali m'manja mwa malemu, khonsolo sipereka occupancy certificate, chilolezo chogwiritsa ntchito nyumbayo. Yang'anani mafayilo a ntchito zonse zimene anasiya, ngakhale zimene mukuona ngati zinatha. Ngati muofesi mulibe wolembetsedwa wina, ndilembereni kumbali.

Mayi wa zokongoletsa m'nyumba, Rosettenville:
Mwanawanga, ine ndikufunsa za mwambo wa zaka 15 uja. Musauthetse. Muusunthe mpaka amayi a kunyumba kwa malemu atabwerako kumudzi, muwaitane pamodzi ndi ana. Ambiri mwa ana athu sadziwa n'komwe nyumba zimene makolo awo anajambula mumzinda muno. Atengeni mukawaonetse ndi maso.

Wojambula mapulani, Randburg:
Zikomo kwambiri nonse. Kontilakita wavomera kudikira. Mwini nyumba akubwera Lachiwiri kudzasaina ndi bwana wathu winayo, amene ndi professional architect, ndipo avomeranso kundiyang'anira. Mayi, za anazo ndakaziuza kale muofesi, aliyense wagwirizana nazo. Amene ali ndi chitsanzo cha kalata yodziwitsa khonsolo za kusinthaku anditumizireko.