Motherboard yanga yapsa: ndigule yamtundu wanji m'malo mwake?

Wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Ndikupempha malangizo kwa inu amene mumadziwa bwino za m'kati mwa kompyuta. Mu 2020 ndinalumikiza ndekha kompyuta imene ndimagwirira ntchito yokonza makadi a ukwati ndi zikwangwani, ndipo muli purosesa ya Ryzen 5 3600, motherboard (bodi yaikulu imene zipangizo zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo) ya B450, RAM ya DDR4 yokwana 16GB, SSD ya M.2 komanso khadi la zithunzi la GTX 1660. Sabata yatha kunagwa chimvula cha mphenzi usiku, ine nditaiwala kuzula mawaya. M'mawa nditayatsa, mafani anangozungulira pang'ono n'kuima, ndipo cha kumbuyo kumene ndimalowetsa waya wa intaneti kunkamveka fungo la chinthu chopserera. Rauta nayo inafa usiku womwewo. Kodi ndigule B450 ina, ndikwere pa B550, kapena ndisamukire ku soketi (malo olowetsamo purosesa pa bodi) ya AM5 imene anzanga akundilimbikitsa? Ndili ndi makadi a maukwati awiri amene eni ake akundidikira.

Mkonzi wa ku Limbe:

Pepani achimwene ndi zimene zakuonekeranizi. Musanatulutse ndalama, yambani mwatsimikiza kuti chimene chafa ndi motherboard, chifukwa kuzungulira pang'ono kwa mafani kumachitikanso pamene power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ndiyo yawonongeka, ndipo ndaonapo anthu akugula bodi yatsopano n'kuilumikiza ku power supply yodwala imene inapha yoyamba ija. Bwerekani ina yoti ikugwira ntchito muyesere. Chotsaninso kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, musiye RAM imodzi yokha, kenako muyatse. Poyesapo khadi la zithunzi likhale pomwepo, popeza Ryzen 5 3600 payokha situlutsa chithunzi, kotero mukalowetsa waya wa sikirini pa HDMI ya pa bodi mudzangoona mdima ngakhale zonse zili bwino.

Zikatsimikizika kuti yapsadi, nkhani ya AM5 muisiye kaye. Soketi imeneyo inabwera mu 2022, purosesa yanu singalowemo, ndiponso imalandira RAM ya DDR5 yokha, ndiye kuti mudzagula zinthu zitatu pamene chafa ndi chimodzi. N'chimodzimodzi ndi mabodi a Intel: wogulitsa asakunamizeni kuti bola mtengo, chifukwa purosesa ya AMD singakhale pa soketi ya Intel. Inu mukufunika bodi ya soketi ya AM4 basi, imene purosesa yanu imalowamo.

Pakati pa za AM4, ine ndingasankhe B550. Ikakhala ndi Ryzen 5 3600 imapereka PCIe 4.0, njira yothamanga yodutsamo deta, pa malo a khadi la zithunzi ndi pa malo oyamba a M.2, zimene B450 ilibe, ndipo tsiku limene mudzafune purosesa ya m'gulu la Ryzen 5000 njira idzakhala yosavuta. Ilipo ina yotchipa ya A520 imene ingagwirenso ntchito, koma zambiri mwa izo zimabwera ndi malo awiri okha a RAM, pamene munthu wokonza zithunzi amadzafuna kuwonjezera. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi kukula kwa bokosi. Bodi ya ATX ndi ya mamilimita 305 kwa 244, pamene ya micro-ATX siipitirira 244 mbali zonse. Yaing'ono imalowa m'bokosi lalikulu, koma yaikulu silowa m'laling'ono, choncho tengani tepi muyeze musananyamuke.

Mayi wa ku Namiwawa:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Limbe pa nkhani yoyesa power supply, koma pa B550 ndisiyana nawo pang'ono. Khadi la GTX 1660 ndi la PCIe 3.0, ndiye ngakhale muliike pa bodi yothamanga bwanji liwiro lake silisintha, ndipo ngati SSD yanu ndi ya m'badwo womwewo nayonso sipindula kanthu. Mabodi ambiri a B450 amalandiranso Ryzen 5000 mukangokweza BIOS, pulogalamu ya m'bodi imene imayatsa kompyuta. Kunena zoona, mukapeza B450 yabwino yokhala ndi malo anayi a RAM pa mtengo wotsika ndithu, itengeni, ndipo ndalama yotsalayo mugulire UPS (batire losungira kompyuta moto magetsi akazima) kapena chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu. Mtengo ukakhala wofanana kapena wosiyana pang'ono, pamenepo mverani bambowa.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi kagulidwe. Mabodi ambiri amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Ine ndinagulapo imodzi kwa mnyamata wina tinakumana m'tauni, ndinaiona ili yoyera m'pepala lake, koma nditafika kunyumba ndinapeza kuti malo awiri a RAM ndi akufa, ndipo foni yake sinapezekenso. Nyamulani purosesa ndi RAM yanu, bodiyo iyake inu mukuona, mulowe mu BIOS muone ngati RAM yonse ikuwerengedwa, ndiponso muyese mabowo a USB limodzi ndi limodzi. Muonetsetse kuti kachitsulo kotseka kumbuyo kwa bokosi kalipo, komanso chitsulo cha pansi pa soketi chimene chozizirira purosesa chimamangirirapo, chifukwa zimenezi kuzipeza pazokha n'kovuta. Mukaganiza zoitanitsa ku Johannesburg, muwerengeretu msonkho ndi ndalama ya wonyamula, ndipo mukumbukire kuti ikafika yosagwira ntchito kuibweza ndi ntchito ina, pamene eni makadi akudikira.

Pochotsa purosesa musamale kwambiri. Pa AM4 mapini ali pa purosesa penipeni, ndipo phala lija amati thermal paste likauma limamata zolimba moti mukakoka chozizirira molunjika purosesa imazukira limodzi, mapini n'kupindika. Muzichipotoza pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka chitamasuka. Mudzafunikanso phala latsopano pobwezeretsa.

Mphunzitsi wa ku Chichiri:

Ndingowonjezera za Windows, poti sizinatchulidwe. Chilolezo chake chimazindikira motherboard, choncho mukasintha bodi ikhoza kukufunsani kuti muitsimikizirenso. Ngati munachilumikiza ku akaunti yanu ya Microsoft zimatheka kuchibwezeretsa. Komanso Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna chitetezo chotchedwa TPM 2.0, imene pa mabodi a AMD mumaiyatsa mu BIOS pamene palembedwa fTPM. Purosesa yanu ndi yololedwa pa Windows 11. Mafayilo a pa SSD sakhudzidwa ndi kusintha bodi, malinga ngati mphenziyo sinafikeko.

Wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse. Ndinabwereka power supply kwa mnzanga wa ku Ndirande, koma mafani anachitabe chimodzimodzi, ndipo nditaitulutsa bodi ndinaona kachip kakang'ono pafupi ndi bowo la intaneti kataphulika, pozungulira pake pali bii. Purosesa, RAM ndi SSD tinaziyesa pa kompyuta yake ndipo zili moyo. Ndinayezanso bokosi, ndipo ndi la micro-ATX, zimene sindikanaziganizira. Ndapeza B550 yatsopano ndi B450 yogwiritsidwapo ntchito, ndipo mwini wa B450 wavomera kuti Loweruka ndipite ndi zipangizo zanga tikaiyatse. Ikakanika pa RAM kapena pa USB, nditenga B550. Mayi a ku Namiwawa, kodi UPS ya mphamvu zingati ingakwanire kompyuta imeneyi pamodzi ndi sikirini?