Ndilowe yuniyoni kapena ndingokhala?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndine dalaivala wa basi, ndatha zaka zitatu pantchito koma yuniyoni sindinalowe. Ndinkaona ngati ndalama ya umembala imene amadula pamalipiro mwezi ndi mwezi ndi yongotaya.

Tsopano anzathu agwirizana zochita sitalaka sabata yamawa. Nkhani yake ndi malipiro komanso maola owonjezera omwe sitilipidwa. Dzulo ndikutenga makiyi kudepoti, mnzanga amene timachezera limodzi tsiku lililonse anangondiyang'ana n'kutembenuka, moni osayankha. Zinandiwawa, ndisaname.

Ndikudziwa kuti pangano nambala 98 la mu 1949 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limaletsa olemba ntchito kuchotsa munthu chifukwa cholowa yuniyoni. Nanga ine amene sindine membala, ndikapanda kuyendetsa basi tsiku limenelo, akandiitana kuofesi adzandiyankhulira ndani? Masiku a sitalaka mabwana akadula malipiro, yuniyoni imathandizapo mamembala ake? Ndikalowa lero, sadzati ndabwera kudzangousa mvula?

Komanso chikundizunguza mutu ndi ichi: akapambana, malipiro amakwera kwa tonse, ngakhale ife osalowa. Ndiye phindu lenileni la umembala lili pati? Amene munadutsamo, ndiuzeniko.