Amayi akuwonda koma malungo sanapezeke: kodi ndi maganizo?

Wofunsa, wa ku Dómuè:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 71 ndipo amamwa mankhwala a tensão (kuthamanga kwa magazi). Chimwalirireni bambo chaka chatha asintha kwambiri. Nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Amadzuka tambala asanalire n'kukhala pakhonde duu. Kudimba la kachewere anasiya, kutchalitchi komwe. Amadandaula mutu, msana ndi mtima kugunda. Malungo anayezetsa, palibe. Ena akuti ndi ukalamba basi. Kodi maganizo angawondetse munthu chonchi?

Namwino, wa ku Ulónguè:
Pepani achimwene. Angawondetse ndithu, ndipo umenewu si ukalamba wamba. Chisoni cha maliro chimabwera n'kumapepuka. Koma munthu akakhala wosasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kupitirira, kudya ndi tulo zitasokonekera, timaganizira depressão, matenda a maganizo okhumudwa kwambiri. Achikulire sanena kuti "ndakhumudwa". Amati "m'thupi simuli bwino".

Maganizo akachuluka, thupi limatulutsa timadzi tambiri totchedwa cortisol ndi adrenaline. Mtima umathamanga, tensão imakwera, shuga imavuta kutsika. Kusadya ndi kungokhala kumafoola minofu ya m'miyendo, ndiye munthu amagwa mosavuta, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo kuchira kwake n'kovuta. China chimene mabanja sachiona: wodwala maganizo amaleka kumwa mapiritsi mwakachetechete. Werengani lero otsala m'paketi, muyerekeze ndi tsiku limene analandira.

Pitani nawo ku centro de saúde (chipatala chaching'ono chapafupi), muwapemphe ayeze tensão (yofika 140/90 kapena kuposa ndi yokwera), shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV, komanso TB ngati akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku. Akwere sikelo, mulembe makilo. Kenako nenani mosabisa za imfa ya bambo, mupemphe kuonana ndi técnico wa psiquiatria kapena psicólogo (othandiza odwala maganizo). Akapanda kupezeka pamenepo, akulembereni guia, kalata yopita nayo ku chipatala cha Ulónguè.

Wa ku farmácia, Moatize:
Ndionjezepo pa mankhwala a depressão. Omwe amadziwika ndi fluoxetina ndi amitriptilina. Amitriptilina imafuna kusamala kwa achikulire: imaumitsa m'kamwa, imadzimbitsa, imachititsa chizungulire poimirira, ndipo kwa odwala mtima ingavute. Tengani mapaketi onse amene amayi akumwa, ngakhale zitsamba, dokotala aone. Mankhwalawa sagwira lero n'lero, pamapita milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina kuposa. Ambiri amasiya msanga ati sakuthandiza. Akapeza bwino apitirizebe miyezi 6 kapena kupitirira monga adokotala anenera, osadukiza. Musawagulire mapiritsi ogonetsa pamsika, amaonjezera kugwa ndi kusokonezeka mutu.

APE (wazaumoyo wa m'mudzi), wa ku Tsangano:
Kunyumba musawapatse mbale yaikulu kawiri patsiku. Pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi: phala la nsinjiro, dzira, nyemba, nthochi, mkaka ukapezeka, mchere wochepa. Asamadye okha, mdzukulu akhale nawo pamphasa. Madzi muziwapatsa m'manja, achikulire samva ludzu msanga. M'mawa ayende mphindi 10 ndi munthu, sabata ndi sabata muzionjezera mpaka 30. Apatseni kantchito kawo, kaya kusankha mbewu ya nyemba, kaya nkhuku. Mawu akuti "limbani mtima" paokha sathandiza, khalani pansi muwamvetsere akamakamba za bambo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nthawi zina amati "bola ndikanatsatira abambo anu". Tizingowasiya?

Namwino:
Ayi achimwene, mawu amenewo musawapeputse. Afunseni mofatsa koma molunjika ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Mankhwala a makoswe, opopera kachewere ndi osungira chimanga muwachotse m'nyumba lero, muwatsekere kwina. Mapiritsi awo asunge munthu mmodzi, aziwapatsa a tsikulo okha. Asagone okha, ndipo mawa m'mawa mupite nawo kuchipatala. Akanena kuti ali ndi njira yodziphera imene aikonza, kapena akasokonezeka mwadzidzidzi, pakamwa kupotoka, mkono kufooka kapena pachifuwa kupweteka, musadikire kuti kuche, pitani ku banco de socorros (kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala) nthawi yomweyo.