Fayilo ya 8GB ikundithera RAM yonse mu Haskell

kachidutswa:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi fayilo ya binary ya 8GB koma laputopu yanga RAM yake ndi 4GB basi. Ndikufuna zinthu ziwiri, kukula kwa fayiloyo ndi checksum yake (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe). Pulogalamu yanga ndailemba m'chilankhulo cha Haskell, ndatenga readFile ya Data.ByteString.Lazy poti amati imawerenga pang'onopang'ono, tizidutswa ta 32KB, osati kumeza zonse kamodzi. Koma ndikangoiyatsa pulogalamuyo RAM imakwera mpaka kompyuta kuuma kenako Linux imaipha yokha. Chikundizunguza mutu n'choti ndikachotsa mzere wa length n'kusiya checksum yokha imayenda bwinobwino, memory osakwera olo pang'ono. Ndiye ulesi wa Haskell (kuwerengera chinthu pokhapokha chikafunika) womwe mumautamawu uli pati?

wa_lambda:
Achimwene, laibulaleyo ilibe mlandu, mwaigwira mwendo ndinu. Lazy ByteString ili ngati tcheni cha tizidutswa, checksum ikamayenda garbage collector (yomwe imayeretsa memory) imabwera pambuyo kutaya tomwe tatha ntchito. Koma inu mwauza pulogalamu kuti ikamaliza checksum ibwererenso poyambira kukawerenga length pa ByteString yomweyo, ndiye collector angataye bwanji chinthu chomwe mwanena nokha kuti muchifunabe? Amasunga zonse, 8GB yonse ija.

Zili ngati kuchigayo, mabigiri mumawerenga pomwe mukuthira chimangacho, simudikira kuti ufa wonse uunjikane pansi ndiye muyambe kuyeza. Pangani fold imodzi (kudutsa data kamodzi mukuunjika zotsatira) yomwe kachidutswa kalikonse kakafika ikuwonjezera length ndi checksum nthawi imodzi. Komanso kukula kokhako bwanji osangofunsa hFileSize, siwerenga n'komwe fayiloyo kkkk.

kachidutswa:
Kkkk hFileSize sindinaiganize. Koma fold ndayesa, foldl' pa toChunks ndi tuple ya (n, h), n ya length ndi h ya checksum, memory ikukwerabe mofanana ndi poyamba.

wa_lambda:
Eya msampha wachiwiri ndi umenewo, tonse tinagwamo. foldl' imangotsegula tuple kunja kokha, zam'katimo n ndi h siziwerengedwa, zimangokhala ngongole, ma thunk (mawerengero omwe sanachitidwe) kuunjikana ndipo thunk iliyonse yagwirira kachidutswa kake ka fayilo. Lembani data yanuyanu yokhala ndi ma bang (chizindikiro cha !), monga data Acc = Acc !Int64 !Word32, mukatero ngongole ikulipidwa pompopompo. Laibulale ya foldl ya Gabriella Gonzalez imachita zomwezi, mumangolumikiza ma fold awiri ndi <*> fayilo n'kudutsidwa kamodzi.

mlonda_wa_seva:
Ine lazy IO pa mafayilo akuluakulu ndinasiya kalekale, sindiikhulupirira. Tsiku lina ndinaika hGetContents mkati mwa withFile, handle inatsekedwa data isanawerengedwe n'komwe ndipo ndinataya madzulo onse kufufuza, chifukwa code ukaiona ili bwinobwino ndipo compiler sadandaula chilichonse. Pano ndi laibulale ya conduit ya Michael Snoyman basi. runConduitRes $ sourceFile "x.bin" .| foldlC step acc0, kachidutswa kamodzi kalowa, kagwiritsidwa ntchito, katayidwa, ndipo ResourceT imatseka fayilo ngakhale pulogalamu igwe pakati. Ena amakonda pipes kaya streaming-bytestring, zonse ndi zabwino, koma musanamizidwe, conduit siikupulumutsani ku tuple yaulesi ija, ndipo mukaikako sinkList kumapeto mwabwerera pomwe munayambira.

Chinanso chomwe chidzakulumeni mukayamba kuwerenga ma record m'fayilomo: tizidutswa sitilabadira malire a record zanu. Record ya ma byte 100 ikhoza kuyambira kumapeto kwa kachidutswa aka n'kukathera mu kenako. Musadule pamanja, tengani runGetIncremental ya laibulale ya binary, ikakuyankhani Partial mumaipatsa kachidutswa kena ipitirize.

kachidutswa:
Zatheka akuluakulu! Ndaika ma bang, ndapanga compile ndi -O2 -rtsopts n'kuyendetsa ndi +RTS -s, maximum residency (memory yochuluka kwambiri yomwe pulogalamu yagwira) pano sikusuntha, fayilo ikhale ya 1GB kaya ya 8GB. Za Partial ndiziona mawa magetsi akabwera, batire yatsala 9%.