Magetsi akabwera, foda ya Samba ikumapezeka yopanda kanthu

waChitakale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa ofesi yathu kuno ku Mulanje tili ndi seva ya Ubuntu yokhala ndi disiki yachiwiri ya 2 TB, ext4, imene makompyuta asanu a Windows amaifikira kudzera pa Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki. Magetsi akazima n'kubweranso, tsiku lina seva imaima pa emergency mode osamaliza kuyaka, tsiku lina imayaka koma mu /srv/deta, foda imene disikiyo imaonekeramo, mulibe kalikonse. Mu /etc/fstab, fayilo youza seva madisiki oti ilowetse poyaka, ndinalemba dzina la disikiyo kuti /dev/sdb1. Ndikulakwitsa pati?

waLuchenza:
Vuto lagona pa /dev/sdb1 pomwepo, achimwene. Linux imapereka mayinawa potengera disiki imene yayamba kuoneka, ndiye wina akaiwala flash itabayidwa, sdb yanu imatha kusanduka sdc. Lembani sudo blkid, koperani UUID ya disikiyo (nambala yake yosasinthasintha), mzere wa mu fstab ukhale motere:

UUID=nambala-yanu /srv/deta ext4 defaults,nofail 0 2

Mawu oti nofail ndi amene amaletsa seva kugwera mu emergency mode disiki ikasowa. Musathamangire kuzimitsa seva. Yambani mwalemba sudo systemctl daemon-reload, kenako sudo mount -a ndi findmnt --verify. Pakapanda kutuluka dandaulo, ndiye yesani reboot.

waBvumbwe:
A Luchenza anena zoona, koma nofail ili ndi msampha wake. Disiki ikalephera kulowa, Samba imayakabe n'kugawa foda yopanda kanthuyo, anthu n'kumasungamo mafayilo osadziwa kuti akupita pa disiki ya system. Disiki yaikulu ikadzalowa, mafayilowo amabisika pansi pake, mkangano n'kubuka mu ofesi kuti wafufuta ndani.

Chotsani disikiyo ndi sudo umount /srv/deta, muone ngati m'fodamo munatsalira zinthu, muzisamutse. Ikadali yopanda kanthu, lembani sudo chattr +i /srv/deta kuti pasalembedwenso chilichonse disiki palibe, kenako sudo mount -a. Mukatero lembani sudo systemctl edit smbd n'kuikamo:

[Unit]
RequiresMountsFor=/srv/deta

Apa Samba siyaka disiki isanalowe. Kuli bwino ogwira ntchito aone kuti foda sikutseguka, akuimbireni.

waThekerani:
Onaninso thanzi la disikiyo ndi sudo smartctl -a motsatidwa ndi dzina la disikiyo (monga /dev/sdb); smartctl imabwera mu smartmontools. Reallocated_Sector_Ct (chiwerengero cha malo owonongeka pa disiki) ikamakwera, koperani zonse msanga. Ndipo ndi mabingu a dzinja la kuno, gulani UPS (batire lothandiza magetsi akazima) ya chingwe cha USB, muike pulogalamu ya apcupsd kapena NUT kuti seva izizima yokha batire lisanathe.

waChitakale:
Zikomo nonse. Pansi pa /srv/deta ndapezadi mafayilo, ndikuwasamutsa panopa.