Kodi ndigule gitala ya dzina la George Benson?

Wa ku Kamuzu Road analemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndimaimba gitala mu bandi ya kutchalitchi kwathu kuno ku Salima, ndipo kumathero a sabata timaitanidwanso ku maukwati ndi ku malo ogona alendo a ku Senga Bay. Chiyambireni kuphunzira ndakhala ndikutsatira kaimbidwe ka George Benson, katswiri wa gitala ya jazi wa ku America, moti tsopano mtima wanga uli pa Ibanez GB10, gitala imene kampani ya Ibanez inapanga mogwirizana ndi iyeyo. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg avomera kundifunira ndi kubwera nayo pa basi nthawi ya Khirisimasi. Chikundizunguza mutu ndi mtengo, pakuti yatsopano yopangidwa ku Japan imapitirira madola 3,000, pamene GB10SE ndi GB10EM, zomwenso zili ndi dzina lake, n'zotsikirapo ndithu. Kodi amene munagwirapo gitala ya dzina la woimba munaona kusiyana kwenikweni? Nanga gitala yamphako mkati ngati imeneyi ingapirire nyengo yathu ya kunyanja?

Agogo a ku Linga anayankha:

Mwana wanga, kusiyana kulipo, koma muyambe mwadzifunsa kuti kusiyanako kunapangidwira yani. GB10 inatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chilichonse chimene chili pa gitala imeneyo chinali yankho la vuto limene Benson ankakumana nalo pa siteji. Magitala a jazi a nthawi imeneyo anali ndi thupi lalikulu, ndipo ukakweza ampulifaya ankayamba kulira okha, choncho iye anafuna thupi laling'ono lokhala ndi thabwa lapamwamba lochindikala. Ma pickup ake, tizipangizo totola kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku ampulifaya, sanakwiriridwe m'thabwalo ayi, amangolenjekeka pamwamba pake, ndipo chitsulo chogwira nsambo kumunsi chinagawidwa pawiri kuti nsambo zitatu zazikulu ndi zitatu zazing'ono uzizikonza padera. Iye amaimbira nsambo zonenepa ndiponso zosalala, zimene zimatulutsa mawu ofewa, onona, osachedwa kuzilala.

Tsono taganizirani zimene mumaimba Lamlungu m'mawa ndi Loweruka pa ukwati. Makolasi athu, manganje, rege, ngakhale rumba ndi sungura zimene anthu amapempha mkwati akamalowa, zimafuna gitala yolira mokweza ndi mothwanima, yoti mawu ake adutse pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. Ntchito imeneyo gitala yathupi lolimba, yopanda mphako mkati, monga Stratocaster kapena Yamaha Pacifica, imaigwira mosavuta pa mtengo wochepa kwambiri. Mukaika nsambo zopyapyala pa GB10 kuti igwire ntchito yomweyo, ndiye kuti mwalipira ndalama zambiri kugula mawu amene mwawachotsanso nokha.

Palinso china chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Chimbale cha 1976 chimene chinatchukitsa Benson padziko lonse anachijambula ndi gitala ya Gibson, Ibanez ya dzina lakeyo isanabadwe n'komwe. Mawu amene mumawakonda aja, mbali yaikulu imachokera m'kagwiridwe kake ka piki, kachipangizo kokhwatchira nsambo, ndi m'zala za dzanja lake lamanzere. Kwathu kuno a Daniel Kachamba sanaimbire gitala yamtengo wapatali, koma mpaka lero munthu ukangomva mizere iwiri umadziwa kuti ndi iwo.

Mmisiri wa ku Dwangwa anayankha:

Achimwene, ine ndiyankhe za nyengo, chifukwa magitala ofuna kukonza amabwera kwa ine kawirikawiri. Mdani wamkulu kuno ndi kusinthasintha: mu Okutobala kumatentha ndi kuuma, kenaka mvula ikayamba chinyontho chimadzaza m'nyumba, ndipo thabwa limafufuma n'kudzanyalanso. Pa gitala yamphako zimenezi zimaonekera msanga, nsambo zimakwera kapena kutsika, khosi limapindika pang'ono, ndipo zitsulo zake zagolide zija zimathimbirira ndi thukuta. Sindikunena kuti singakhale kuno. Ingakhale ndithu, malinga muziisunga m'bokosi lake lolimba, kutali ndi dzuwa ndiponso kutali ndi denga lamalata, ndipo muziipukuta mukangomaliza kuimba. Koma ngati zida zanu zimapita ku ukwati pa lole limodzi ndi masipika ndi mipando, mtima wanu sudzakhala m'malo. Dziwaninso kuti kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo sikomatidwa, kamangopanikizidwa ndi nsambozo, moti mukazichotsa zonse nthawi imodzi kamasuntha ndipo gitala imayamba kunama manotsi mpaka wodziwa akabwezere pamalo pake. Nsambo zosalala zija n'zosowanso, ngakhale ku Lilongwe, choncho alamu anuwo abweretseretu mapaketi angapo.

Za kagulidwe, musalole kuti agule pongoona chithunzi pa Facebook. Magitala achinyengo okhala ndi mayina otchuka alipo ambiri, makamaka otsanzira Gibson, ndipo mtengo ukatsika mopitirira muyeso pamakhala chifukwa. Akagule m'sitolo yodziwika, atenge risiti, akutumizireni chithunzi cha nambala ya gitalayo ndi mawu osonyeza dziko limene inapangidwira. Risitiyo idzafunikanso pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, pakuti a MRA adzawerengera msonkho pa mtengo wake, ndipo ndalama imeneyo muiikiretu padera. Pa basi isalowe kunsi kumene amaunjika katundu.

Mayi a kwaya a ku Chipoka anayankha:

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi agogo. Si zonse zimene munthu amagula zimene ziyenera kubweza ndalama pa ukwati. Bambo akunyumba kwathu ali ndi gitala ya PRS SE ya dzina la woimba Carlos Santana, imene anaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo chiibweretsereni sipadutsa tsiku osaigwira, pamene yakale ija inkangokhala pakona. Chida chimene umachikonda chimakuitana. Chenjezo langa ndi la ndalama basi: kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola ndi marandi akuvuta kupeza, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa, ogula gitala ya jazi ya mtengo wotero m'Malawi muno ndi owerengeka. Yotsika mtengoyo ingakupatseni chimwemwe chomwecho popanda kusautsa banja.

Wa ku Kamuzu Road analembanso:

Zikomo kwambiri agogo, achimwene ndi inu mayi. Ya ku Japan ija ndaisiya. Ndikuganiza zotenga GB10EM kuti ndiziimbira jazi wofatsa ku Senga Bay alendo akamadya, ndipo yathupi lolimba imene ndili nayo ipitirize ntchito ya kutchalitchi ndi maukwati. Kodi ampulifaya yanga yaing'ono ya mawati 40 ingakwanire?

Mmisiri wa ku Dwangwa anayankhanso:

Pamalo odyera ikwanira bwino lomwe. Muziiika chakumanzere kwanu, mbali ya khosi la gitala, osati kumbuyo kwenikweni kwa thupi lake, ndipo muchepetseko besi kuti isamalire yokha. Alamu anuwo asanaiike m'bokosi, afewetse nsambo pang'ono ndi kuikako kansalu kuti kathabwa kaja kasakande penti panjira. Ikafika mubwere nayo ndidzaione khosi musanayambe kuimbira.