Mbaula tinagawa koma anthu abwerera pa mafuwa, tithandizane lipoti lisanapite

Nachisale, Balaka

Akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito za nkhuni ndi mbaula, ndithandizeni nzeru. Bungwe lathu linalandira ndalama kwa madona zoti tichepetse zomwe mabanja ovutikitsitsa amawononga pophika ndi powunikira. Tinatenga mayina a Mtukula Pakhomo ku khonsolo, banja lililonse linalandira Chitetezo mbaula, ija ya dongo yonyamulika, ndi nyali ya sola. Nyali zilibe mlandu, anthu anasiya kugula mabatire a tochi ndipo foni akutchajira pakhomo. Nkhani ili pa mbaula. Pamene tikuyendera makomo tikupeza ambiri abwerera pa mafuwa. Zina zinang'aluka, zina zili bwinobwino koma zangokhala pakona, zina nkhuku zikuikiramo mazira. Kwa agogo ena tinaipeza itavindikiridwa ndi chitenje, mkati mulibe ngakhale kaphulusa. Lipoti likufunika kumapeto kwa mwezi wamawa ndipo madona sakufunsa kuti tagawa zingati, akufunsa kuti mabanja apulumutsa zingati. Kunama sindikufuna, komanso zikundipweteka kuona agogo akutsokomola ndi utsi mbaula ili poteropo. Ndiyambire pati?

aPhiri, Dedza

Achemwali, musaphatikize mavuto awiri. Kusweka ndi nkhani ina, kusagwiritsa ntchito ndi nkhani inanso. Ndiyankhe za kuswekazo poti ine ndimakhala ndi magulu oumba. Zong'alukazo zinachokera ku gulu limodzi kapena angapo? Nanga mng'alu uli pati? Ukayambira pakhomo polowetsa nkhuni n'kukwera m'mwamba, kawirikawiri ndi dongo kapena kawotchedwe. Zikathyoka zogwirira kapena timafuwa ta dongo tokhalapo poto, funsani amene ananyamula.

Nachisale, Balaka

Zikomo aPhiri. Tinagula ku magulu awiri. Zosweka zambiri ndi za gulu lomwe linatipatsa zomaliza, ndipo mng'alu wake ndi wa pakhomo womwewo.

aPhiri, Dedza

Ndiye mwina oda inawapanikiza. Dongo la mbaula silifuna changu. Likakumbidwa amachotsa timiyala ndi mizu, kuliponda, kenako kulivundika m'dzenje ndi pepala la pulasitiki kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo. Akaumba, mbaula iume pamthunzi, m'nyumba mopanda mphepo yambiri, osati padzuwa. Gulu likauzidwa kuti galimoto ikubwera Lachisanu, amazitulutsa padzuwa kuti ziume msanga, kunja kumauma mkati muli chinyezi, ndiye mu uvuni zimatuluka ndi ming'alu yosaoneka ndi maso. Moto wa mu uvuni nawo uyambe pang'onopang'ono, ndipo asatsegule uvuni usanazizire. Pogula muzigogoda imodziimodzi ndi chala kapena kamtengo. Yopsa bwino imalira kuti ngwee, ya mng'alu imangoti phu. Ndikupemphani chinthu chimodzi, musawataye amayi a gulu loumbalo. Khalani nawo pansi, muone dongo lomwe akukumba, aumbe zoyesera zochepa, kenako mugwirizane zobweza zoswekazo pamtengo wotsika. Nawonso ndi anthu ovutika, oda ya pulojekiti ndiye chimanga chawo cha chaka.

aMbewe, Mchinji

Ine ndinena zomwe ena sazikonda. Chaulere sichisamalidwa. Kwathu kuno amene anagula yekha mbaula pamsika amaisamala, ikasweka amagulanso. Bwanji aliyense azipereka kangachepe, ngakhale kudzera ku banki mkhonde?

Nangozo, Machinga

Pepani aMbewe, pamenepo sindikuvomereza. Kwa munthu wa geni kapena mphunzitsi, zoona agule. Koma taonani anthu amene Nachisale akunena. Mtukula Pakhomo, chiyambire kwanu ku Mchinji komweko mu 2006, inkasankha mabanja osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Ndi agogo olera zidzukulu, anthu aulumali, odwala nthawi yayitali, ana olera anzawo. Mukawauza kuti alipire, achotsa pa ndalama ya ufa.

Ndipo yankho la Nachisale ndikuliona pomwepo. Chitetezo imafuna nkhuni zowaza, zing'onozing'ono, zouma. Pa mafuwa agogo amangokoka chipika chonse, kulowetsa nsonga yake, n'kumakankhira pang'onopang'ono tsiku lonse. Nkhwangwa sifunika, mphamvu sizifunika. Ife tikabwera ndi mbaula timakhala tawabweretsera ntchito yowaza nkhuni, pakhomo pomwe tinapasankha chifukwa palibe wowaza. Ndinakhalapo pakhonde ndi mayi wina wachikulire, manja ake otupa m'mfundo moti chikwanje sangachigwire. Anandionetsa chipika cha mtengo wa mango chomwe mdzukulu wake anakoka, n'kundifunsa kuti chilowa bwanji pakabowo aka. Mayi ameneyo si wosasamala, wachita zomwe thupi lake lingathe.

Nachisale, Balaka

Mayi Nangozo, mwalasa. Agogo a chitenje aja amakhala ndi tiana tiwiri tating'ono basi. Ndiye munachita bwanji kwanuko?

Nangozo, Machinga

Choyamba tinasiya kulankhula za nkhuni zokha. Kwanu ku Balaka nandolo ndi wambiri ngati kunoko. Mitengo ya nandolo ikauma imathyoka ndi manja, imalowa bwino mu Chitetezo, ndipo moto wake ndi wokwanira nsima ndi ndiwo zamasamba. Zitsononkho za chimanga chimodzimodzi, tinthambi togwa tokha, nsungwi youma. Pa mafuwa zinthu zimenezi zimangoti lawi kamodzi n'kutha, n'chifukwa chake anthu amazipeputsa, koma mu mbaula moto umasonkhana pansi pa poto. Uthenga wathu unasintha, tinayamba kunena kuti mbaula iyi ndi yophikira zomwe muli nazo kale kuseri kwa nyumba. Nthawi yokolola nandolo tinkakumbutsa anthu kumanga mitolo n'kuika pansi pa tsindwi kapena pansi pa nkhokwe mvula isanayambe, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale nkhuni zonyowa ndiye zimabwezera anthu ku mafuwa.

Chachiwiri tinapita kwa agulupu ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Tinagula nkhwangwa zochepa, zimasungidwa ndi komiti, ndipo achinyamata a m'mudzi amadutsa m'makomo mwa okalamba kukawaza. Ena amachita kudzera ku mpingo kapena ku mzikiti, ena tinawalumikiza ndi kalabu ya achinyamata. Si paliponse zinayenda. Pomwe nyakwawa anaikapo mtima zinapitirira, pomwe tinangosiya nkhwangwa osabwererako zinazirala.

Chachitatu, chionetsero musachitire pabwalo ndi poto wa ku ofesi. Kaphikireni m'khitchini mwa mwini wake, ndi mphika wake, iyeyo ndiye agwire mthiko. Amayi ambiri amaopa kuti povundula nsima poto agwedezeka. Muwaonetse kukhazika mbaula pansi posalala, kapena kuikwirira pang'ono ndi dothi m'munsi. Akavundula kamodzi osagwa, mantha amatha.

aMbewe, Mchinji

Ndamva mayi, za okalambazo ndagonja. Komabe kwa mabanja ena a m'mudzi momwemo msika usafe. Gulu loumba likazolowera kugulitsa ku pulojekiti kokha, tsiku lomwe ndalama za madona zidzathe nalonso lidzatha, ndiye agogo aja mbaula yawo ikadzasweka adzaipeza kuti? Pakhale munthu wogulitsa pa msika wapafupi.

aGondwe, Nkhata Bay

Ndiwonjezereko za kuno kumpoto. Kuno anthu ambiri anazolowera Changu Changu Moto, ija ya njerwa ndi dothi yomwe a Ripple Africa anafalitsa. Imamangidwa m'khitchini momwemo, ili ndi malo a mapoto awiri, ndipo ikang'aluka mwini wake amangomata ndi dothi. Pakhomo pa anthu ambiri, pomwe poto wa nsima ndi wamkulu, imathandiza kuposa yonyamula. Vuto lake imafuna khitchini yofolera bwino, apo ayi mvula imaigumula, ndipo mabanja ovutikitsitsa ambiri amaphikira panja. Ndiye musasinthe onse, muone khomo ndi khomo.

China, musadabwe kuona mafuwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Anthu amafuna kuotha moto, ndipo mbaula yosunga kutentha mkati siwothetsa bwino banja lonse. Pophika thobwa, pa maliro, pa chinkhoswe, mafuwa adzakhalapobe. Ine ndikapeza nsima ya tsiku ndi tsiku ikuphikidwa pa mbaula, mafuwa akudikira mgolo wa madzi osamba, ndimalemba zonse ziwiri momwe zilili ndipo sindiona ngati talephera.

Nachisale, Balaka

Zonsezi ndalemba. Tsono za lipoti. Chizindikiro chomwe tinalonjeza ndi ndalama zomwe banja lapulumutsa pamwezi. Koma ambiri mwa mabanjawa sagula nkhuni ndi ndalama, amatola. Ndikafunsa kuti mumawononga zingati amati palibe. Ndilemba chiyani?

aZimba, Lilongwe

Mayi Nachisale, iyi ndiye ntchito yanga ya kalondolondo, ndiloleni ndifotokoze motalikirapo. Funso la "mumawononga zingati" lisiyeni, silikupatsani kanthu. Gulani masikelo opachika, aja ogulira nandolo. Sankhani makomo mwamaere kuchokera pa mndandanda, osati omwe wodzipereka wa m'mudzi akukulozerani, chifukwa iye adzakutengerani kwa ochita bwino. Tsiku loyamba yezani mulu wa nkhuni womwe banja ligwiritse ntchito, mawa lake nthawi yomweyo yezani zotsala ndi zomwe awonjezera, muchite choncho masiku atatu otsatizana kapena kuposerapo. Lembani anthu amene adya pakhomopo tsiku lililonse, akulu ndi ana, kuti mupeze makilogalamu pa munthu patsiku. Pewani masiku a maliro, a chikondwerero kapena ophika zogulitsa. Muwauze aziphika monga mwa masiku onse, asakusangalatseni. Imeneyi ndi njira yodziwika, madona amaitcha Kitchen Performance Test, sadzakutsutsani. Ngati simunayeze musanagawe, yezani makomo ofanana nawo omwe akuphikabe pa mafuwa nyengo yomweyi, ndipo munene poyera mu lipoti kuti mwayerekeza chotero.

Mukapeza makilogalamu, pitani pa msika wapafupi, yezani mitolo ingapo yogulitsa, mudziwe mtengo wa kilogalamu. Mukatero mutha kunena kuti nkhuni zomwe zapulumuka zikanagulidwa zikanakwana mwakuti. Koma mulembe kuti ndi mtengo woyerekeza, si ndalama yomwe yatsala m'thumba. Ndalama yeniyeni ili pa nyali zija: mabatire, makandulo, kulipira kotchajitsa foni. Zimenezo funsani, amakumbukira bwino. Funsaninso kuti amapita kangati pa sabata kotola nkhuni ndipo amapita ndani. Mudzapeza kuti agogo ena amalipira mwana wa aneba ndi mbale ya ufa kuti awatolere, ena mdzukulu amajomba kusukulu. Umenewo ndi mtengo ndithu ngakhale sudutsa m'manja ngati kwacha.

Za kagwiritsidwe ntchito musadalire pakamwa. Aliyense amati ndikugwiritsa ntchito, poopa kuchotsedwa pa Mtukula Pakhomo. Muyambe mwawatsimikizira kuti mbaula ilibe chochita ndi ndalama zawo. Kenako yang'anani nokha: mwaye m'kati, phulusa latsopano, gwirani ngati ili yofunda, onaninso mafuwa ngati pali moto wa lero.

Dziko lathu linadziikira mbaula 2 miliyoni pofika 2020 ndipo tonse tinathamangira nambala imeneyo. Zinathandiza kuti mbaula zidziwike, koma zinatizoloweza kuwerenga zogawa. Masiku ano, makamaka mapulojekiti a kaboni, omwe amalipidwa chifukwa chochepetsa utsi woononga mlengalenga, funso ndi loti zikuyaka zingati.

Nachisale, Balaka

AZimba mwandimasula. Koma nkhwangwa, masikelo, mbaula zobweza, maulendo obwereza, zonsezi mu bajeti mulibe.

Nasibeko, Zomba

Ine ndi wa zachuma, ndiyankhe pamenepo. Musagwire ndalama ya mzere wina wa mu bajeti musanawerenge mgwirizano wanu. Madona ambiri amalola kusuntha pang'ono pakati pa mizere, ena amaika malire a 10 peresenti, kupyola apo mpaka chilolezo cholembedwa. Musadikire lipoti. Lembani kalata sabata ino, tsamba limodzi: zomwe mwapeza m'makomo, chifukwa chake, zomwe mukufuna kusintha, ndi mzere womwe ndalamayo ichokere. Kawirikawiri pa misonkhano ya kuhotela ndi zosindikiza pamakhala potsala. Ngati nthawi yachepa pemphani kuwonjezera miyezi popanda kuwonjezera ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ambiri tinalemba makalata otere, ndipo tinaona kuti wopereka thandizo amamva bwino ukamuuza msanga kusiyana ndi kuti adzazipeze yekha. Dziwitsaninso a ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi a zankhalango ku khonsolo, poti mayina munatenga kwa iwo ndipo alangizi awo ndi amene adzatsale m'midzimo inu mukadzachoka.

aPhiri, Dedza

Pa zobwezazo, musadzazenso lole mpaka pamwamba. Yalani udzu kapena mapesi pansi ndi pakati, musasanjikize zambiri, ndipo msewu ukakhala wa mabampu gawo lomaliza zipite pa ngolo kapena anthu adzatengere pamalo amodzi. Amene sangathe kunyamula, achinyamata a nkhwangwa aja awaperekere.

Nangozo, Machinga

Muwakumbutsenso kuviika nyemba usiku ndi kuvindikira poto. Nyemba ndiye zimadya nkhuni kwambiri, ndipo ambiri amaziphikira pa mafuwa chifukwa cha chipika chija.

Nachisale, Balaka

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Kalata ya madona ndiyamba usiku uno, Lolemba ndikakumana ndi amayi oumba, kenako agulupu. Mu lipoti ndilemba zomwe sikelo inene, pamodzi ndi makomo omwe akadali pa mafuwa ndi zifukwa zake. AZimba, ngati muli ndi fomu yoyezera nkhuni ya m'Chichewa nditumizireni, odzipereka athu ambiri Chingerezi chimawavuta.

aZimba, Lilongwe

Ilipo mayi, nditumiza madzulo ano. Muwonjezere mzere wa mtundu wa nkhuni, kuti mitengo ya nandolo ndi zitsononkho ziyezedwe pazokha, komanso wolemba ngati nkhunizo zinali zouma kapena zonyowa. Masikelo onse muwayese ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi musanawapereke kwa odzipereka.